Kiyibodi ndi mausi zamagemu zafika: muyambire pati poziyesa?

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera munthu akangomatula bokosi la kiyibodi ndi mausi zosewerera magemu a pakompyuta, kapena akaima m'shopu ndalama ili m'manja. Mayankho ambiri akukhudza magemu owomberana monga Counter-Strike 2, Valorant ndi Fortnite, chifukwa m'magemu otero ndi mmene chida chabwino ndi chachabechabe zimasiyanirana poyera.

Ndangozilumikiza. Ndiyambe ndi gemu iti?

Musayambe ndi gemu. M'kati mwa gemu mtima umakhala m'mwamba, ndipo batani likakana mumangoganiza kuti mwaphonya ndinu. Tsegulani Notepad, mudine mabatani onse limodzilimodzi, mzere ndi mzere. Lililonse lizitulutsa chilembo chimodzi mukalidina kamodzi. Mukadina E n'kuona awiri atulukira, swichi ya batanilo ili ndi vuto, ndipo pa kiyibodi yatsopano limenelo si vuto loti mulipirire. Mabatani osalemba kanthu, monga Shift, Ctrl, Esc ndi F1 mpaka F12, muwayese pa masamba aulere oyesera kiyibodi amene ali mbwee pa intaneti. Batani lililonse limasintha mtundu pasikirini mukalidina.

Mausi muiyese mu Paint. Jambulani mizere pang'onopang'ono, kenako mozungulira, kenako muikwapule mwamphamvu kumanja ndi kumanzere. Mzere ukamanjenjemera dzanja lili phee, kapena kamuvi kakathawira kumwamba kapena pansi mukaikwapula, sensa yake yalephera. Gwirani fayilo ndi batani lakumanzere, muikoke uku ndi uku osasiya. Ikagwa yokha panjira, batanilo likudumpha. Bokosi ndi lisiti musataye mpaka sabata ziwiri zitadutsa.

Kodi kiyibodi yamagemu imasiyana pati ndi ya muofesi? Si magetsi okha?

Pa zambiri zotchipa, ndi magetsi okhadi. Kiyibodi ya muofesi imakhala ndi chinsalu chimodzi cha labala pansi pa mabatani onse, chokhala ndi timatumphu. Mukadina, katumphu kamaphwafuka n'kukanikiza timapepala ta pulasitiki tokhala ndi njira za magetsi, ndipo chilembo sichituluka mpaka batani litafika pansi penipeni. Kiyibodi imene amaitcha mechanical ndi yosiyana: batani lililonse lili ndi swichi yakeyake, ya sipiring'i ndi tizitsulo togundana, ndipo imamva batani lisanafike pansi.

Chenjerani ndi bokosi lolembedwa kuti mechanical feel. Nthawi zambiri ndi ya labala yomweyo, angoiveka magetsi. Zulani chivindikiro cha batani limodzi muone. Pa makiyibodi ambiri enieni mupeza kamtengo kooneka ngati mtanda, kofiira, kabulawuni kapena kabuluu. Koma musachite manyazi ndi ya labala. Anthu amapambana nayo magemu tsiku ndi tsiku, bola izimva mabatani angapo nthawi imodzi.

Red, Brown, Blue: mitundu imeneyi ikutanthauzanji?

Mayinawa anachokera ku maswichi a Cherry MX, amene anayamba kupangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980. Umwini wa kapangidwe kake utatha mphamvu, makampani a ku China monga Gateron, Kailh ndi Outemu anayamba kupanga ofanana nawo, n'chifukwa chake makiyibodi otere anatsika mtengo.

Red imatsika myaa, popanda chogunda panjira. Imafuna mphamvu ya magalamu pafupifupi 45, imamva batani likatsika mamilimita 2, ndipo imathera pa mamilimita 4. Black ndi chimodzimodzi koma yolimba, magalamu 60. Brown ili ndi kachitunda kakang'ono panjira, kamene chala chimamva batani likatsala pang'ono kugwira. Blue ili ndi kachitundako komanso imalira kuti tyaka, tyaka. Palinso Speed Silver, imene imamva pa mamilimita 1.2 okha, moti amene sanazolowere amangopeza munthu wawo m'gemu akuyenda yekha chifukwa chala chinatsamira pang'ono pa batani.

Osewera magemu owomberana ambiri amakonda Red chifukwa kudina batani lomwelo mobwerezabwereza kumaphweka. Ngati kiyibodi yomweyo mudzalembera ntchito ya kusukulu, Brown ndiye mgwirizano wabwino. Blue ndi yokoma kwa mwini wake yekha. Ngati mumagona chipinda chimodzi ndi anzanu ku hostelo, kapena khoma lanu ndi la achimwene ndi lopyapyala, ilekeni.

Ndikathamanga chopingasa n'kufuna kudumpha, munthu wanga sadumpha. Vuto ndi gemu?

Nthawi zambiri vuto ndi kiyibodi. Mabatani amalumikizidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika, ndipo pa makiyibodi otchipa mabatani atatu ena akadinidwa limodzi, kiyibodi imalephera kudziwa kuti lachitatu ndi liti, ndiye imangolinyalanyaza. Polemba kalata simungazione. M'gemu, mmene mwagwira W, A ndi Shift n'kuwonjezera Space, zimaonekeratu.

Pabokosi yang'anani mawu akuti N-key rollover: amatanthauza kuti batani lililonse limamveka palokha, kaya mudine angati. 6-key rollover, mabatani 6 nthawi imodzi kuwonjezera pa Shift, Ctrl ndi Alt, ndi yokwanira pa dzanja limodzi la zala zisanu. Mawu akuti anti-ghosting okha ndi oterera, chifukwa mwina akunena za mabatani ochepa ozungulira W, A, S ndi D basi. Musakhulupirire bokosi: pa tsamba loyesera lija, gwirani mabatani amene mumagwiradi m'gemu yanu muone ngati onse akuyaka.

Bwanji W, A, S ndi D ali ndi mtundu wawowawo?

Ndiwo miyendo yanu: kutsogolo, kumanzere, kumbuyo, kumanja. Kale anthu ankayendera mabatani a mivi. Dennis Fong, wodziwika ndi dzina loti Thresh, anatchukitsa kagwiridwe ka W, A, S ndi D pa gemu ya Quake. Mu 1997 anapambana mpikisano wa Red Annihilation n'kutenga Ferrari ya John Carmack, mmodzi wa opanga gemuyo. Half-Life itatuluka mu 1998 inabwera nawo ali otchera kale, ndipo magemu ena anatsatira. Ubwino wake ndi woti Shift, Ctrl, Space, E, R ndi manambala osankhira zida onse ali pafupi ndi dzanja lamanzere.

Makiyibodi a maginito amene akutchuka masiku ano, n'zoona kuti amathandiza?

Apa pokha ndi pamene kiyibodi yasinthadi kaseweredwe m'zaka zaposachedwa. Swichi ya maginito ilibe tizitsulo togundana. Pansi pa batani pali kamaginito, ndipo sensa imayeza kuti katsika kufika pati. Motero mukhoza kusankha nokha pamene batani liyenera kumva. Pa Wooting 60HE, ya kampani ya ku Netherlands, mukhoza kutchera paliponse kuyambira mamilimita 0.1 mpaka 4.

Chachikulu ndi chimene amachitcha Rapid Trigger. Pa swichi wamba, batani limasiya kugwira pokhapokha litakwera kubwerera pamalo ake oikika. Pa ya maginito limasiya chala chikangoyamba kukwera. Mu Counter-Strike ndi Valorant chipolopolo sichilunjika ngati mukuwombera mukuyenda, ndiye woima msanga amayamba kuwombera molondola. Phindu lilipo, koma ndi la munthu amene wafika kale pamlingo woti kaimidwe kake ndiko kakumugwetsa. Ngati mukadasokoneza njira za pa mapu a Dust II mu Counter-Strike, maginito sakupulumutsani.

Pali china chofunika kuchidziwa musanayatse zonse zimene kiyibodi ingathe. Mu 2024 Razer inabweretsa Snap Tap: mukagwira A ndi D limodzi, kiyibodi imasiya yokha loyambalo n'kumvera lomaliza. Mu Ogasiti chaka chomwecho Valve, kampani yopanga Counter-Strike 2, inaletsa zimenezi m'gemuyo, ndipo wopezeka akuzigwiritsa ntchito pa maseva a kampaniyo amatulutsidwa m'gemu. Rapid Trigger sinaletsedwe.

Yabwera yopanda mabatani a manambala kumanja. Andibera?

Ayi, n'zadala. Kiyibodi yathunthu ili ndi mabatani 104 kapena 105. Imene achotsa manambala a kumanja, yotchedwa TKL, ili ndi 87 kapena 88. Ya 60% ili ndi 61, ilibe ngakhale mivi. Cholinga n'kupatsa mausi malo, kuti manja awiri asatalikirane ndiponso mausi isamagunde kiyibodi mukatembenuka mwadzidzidzi. TKL ndiyo yoyenera anthu ambiri. Ya 60% imasangalatsa m'maso koma imatopetsa mukafuna mivi kapena F5, chifukwa muyenera kugwira Fn kaye. Ngati masana mumalowetsa manambala mu Excel, khalani ndi yathunthu.

Ndikadina @ pakutuluka chizindikiro china. Yafa?

Sinafe. Kiyibodi ndi ya kayalidwe ka ku America pamene Windows yatcheredwa pa ka ku Britain, kapena mosemphanitsa. Pa ya ku America @ ali pa Shift ndi 2. Pa ya ku Britain ali pafupi ndi Enter. Sinthani kayalidwe m'makonzedwe a chilankhulo a Windows kuti kafanane ndi zolembedwa pa mabatani. Mukadali komweko, zimitsani njira yachidule ya Sticky Keys, imene imatulutsa kabokosi pasikirini mukadina Shift kasanu motsatizana, ndipo ngati kiyibodi ili ndi kotsekera batani la Windows kuti lisagwire ntchito, kayatseni.

Mausi ina yalembedwa DPI 8,000, ina 25,600. Yachiwiriyo ndiye yabwino katatu?

Ayi. Nambala imeneyi ndi imene ogulitsa amaikonda kwambiri, ndipo ndi imene ili ndi ntchito yochepa. DPI imangonena kuti mausi iwerenga timasitepe tingati mukaisuntha inchi imodzi, kapena kuti masentimita 2.54. Pa 800, inchi imodzi ndi timasitepe 800. Pa 25,600, kamuvi kamadutsa sikirini yonse ya madontho 1,920 dzanja litangosuntha mamilimita 2. Palibe amene angachalire mdani chotero. Akatswiri ambiri a magemu owomberana amasewera pa 400, 800 kapena 1,600.

Chofunika ndi sensa yokhulupirika: yosanjenjemera, yosawongola mzere umene inu simunafune kuti uwongoke, yosasokonekera mukaikwapula. Masensa a PixArt monga 3360, 3389 ndi 3395, komanso HERO ya Logitech, ali ndi mbiri yabwino. Bokosi likatchula DPI yaikulu koma osatchula dzina la sensa, pali chimene akubisa.

Nanga liwiro lake ndilitchere bwanji?

Yambani ndi Windows: m'makonzedwe a mausi zimitsani Enhance pointer precision. Chimenechi chimachititsa kuti mtunda wa kamuvi uzidalira kufulumira kwa dzanja, moti kusuntha komweko kumapereka zotsatira zosiyana. Magemu ambiri amakono amawerenga mausi mwachindunji osadutsa pamenepo, komabe ndi bwino kuti dzanja lizipeza chinthu chimodzi paliponse.

Kenako ikani DPI pa 800 muisiye pomwepo. Zotsala muzisintha m'gemu. Muyezo weniweni ndi uwu: mausi iyenda masentimita angati kuti munthu wanu azungulire kamodzi n'kuyang'ananso kumene anayambira? Tengani lula muyeze. Mu Counter-Strike 2, DPI 800 ndi sensitivity 1.0 zimapereka pafupifupi masentimita 52, ndipo DPI 400 ndi sensitivity 2.0 zimapereka mtunda womwewo ndendende. N'chifukwa chake kukopera sensitivity ya mnzanu osadziwa DPI yake n'kutaya nthawi. Oyamba kumene ambiri amasewera pa masentimita ochepa kwambiri, n'kumadabwa kuti kamtanda kolunjikira mfuti kakupitirira mutu wa mdani. Ine ndinganene kuti muyambire pakati pa 30 ndi 40, muziyendetsa mkono wonse potembenuka kwambiri ndi dzanja lokha pokonza pang'ono. Zikatero mufunika kamphasa ka mausi kotakata, masentimita 40 kapena kuposa. Tebulo la galasi kapena lonyezimira limasokoneza masensa ambiri.

1,000 Hz kapena 8,000 Hz?

Nambalayi ndi ya maulendo amene mausi imauza kompyuta pamene ili pa sekondi imodzi. Ya muofesi imachita 125, ndiye kuti kamodzi pa mamilisekondi 8 alionse. Ya 1,000 Hz imachita kamodzi pa milisekondi imodzi, ndipo kusiyana kumeneku kumamveka m'dzanja. Kuchoka pa 1,000 kufika pa 8,000 mumapindula zosakwana milisekondi imodzi, pamene purosesa imalemedwa ndipo batire limatha msanga. Sikirini ya 60 Hz imasintha chithunzi pa mamilisekondi 16.7 alionse, phindu laling'onolo limamira mmenemo. Pa laputopu yofooka, 8,000 ikhoza kuchititsa gemu kudukizadukiza. Khalani pa 1,000.

Yopanda waya siichedwa?

Zimatengera njira. Ya kachipangizo kake kolowetsa pa USB, koyendera 2.4 GHz, monga Lightspeed ya Logitech kapena HyperSpeed ya Razer, siisiyana ndi ya waya mwakuti munthu n'kuzindikira. Akatswiri amapita nayo ku mipikisano. Bluetooth ndiyo imachedwa, isiyeni ikhale ya ntchito za muofesi. Kachipangizoko kazikhala pafupi ndi mausi, osati kuseri kwa kompyuta pansi pa tebulo, ndipo kasayandikane ndi fulashi kapena hadi disiki ya USB 3.0, chifukwa zimenezi zimatulutsa phokoso la mafunde pafupi ndi 2.4 GHz. Mausi zina zimabwera ndi kawaya kowonjezera pa chifukwa chomwechi. Ngati kutchaja kumakuvutani, Logitech G305 imayendera batire limodzi la AA ndipo kampani yake imati limatha maola 250. Kiyibodi yokha, yosasuntha pamalo, waya ndi wokwanira.

Yopepuka kapena yolemera?

Zinthu zatembenuka. Logitech G502 HERO imalemera magalamu 121 ndipo imabwera ndi tizitsulo towonjezera kulemera. G Pro X Superlight, ya kampani yomweyo, yotuluka mu 2020, siifika magalamu 63. Yopepuka imanyamuka msanga, imaima msanga, ndipo mkono sutopa. Pa magemu ofuna mabatani ambiri, monga World of Warcraft, yolemera ya mabatani ambiri m'mbali ili ndi malo ake.

Koma kulemera kumabwera pambuyo pa kaumbidwe. Mausi ili ngati mpini wa khasu: umene ukukomera mnzanu ukhoza kukutulutsani matuza. Ena amaphimba mausi ndi chikhatho chonse, ndipo amafuna yaikulu yotumphuka msana monga Razer DeathAdder. Ena amapinda zala, chikhatho n'kungogunda kumbuyo kwake. Ena amaigwira ndi nsonga za zala zokha, ndipo amafuna yaing'ono. Poyesa, inyamuleni patebulo mmene mwaigwiriramo. Ngati mukufunika kuifinya kuti isapulumuke, kapena chala chaching'ono chikusowa pokhala, si yanu, ngakhale ikhale yodula bwanji. Amanzere ayang'ane yofanana mbali zonse.

Chigulireni ndikusewera moipa kuposa kale. Ndibweze?

Osafulumira. Dzanja linazolowera kulemera, kutalika ndi liwiro la chida chakale, ndipo limafuna sabata imodzi kapena ziwiri. Chimene chimawononga anthu ndi kusintha sensitivity akangogonja. Tcherani kamodzi, musewere masiku angapo osakhudza. Ngati mukupitirira mdani nthawi zonse, tsitsani pang'ono. Ngati simukumufikira, kwezani pang'ono. Musasinthe mausi, kamphasa ndi sensitivity tsiku limodzi, chifukwa simudziwa chimene chathandiza. Chobwezera msanga ndi chida chimene chalephera mayeso a Notepad ndi Paint aja, kapena chimene chikukupwetekani dzanja.

Magetsi amitundumitundu aja amathandiza?

Pa kaseweredwe, ayi. Amathandiza kuona mabatani mumdima, ndipo pa mausi yopanda waya amadya batire.

Ine ndimasewera mpira basi. Ndizifune zimenezi?

Ayi. EA Sports FC, imene ambiri akadaitchulabe FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023, inapangidwira padi, chimodzimodzi eFootball ndi magemu ambiri a galimoto. Kamtengo ka padi kamadziwa kuyenda pang'ono ndi kuthamanga, pamene batani wamba la kiyibodi limangodziwa kudinidwa ndi kusiyidwa. PlayStation 5 ndi Xbox zimalandira kiyibodi ndi mausi za USB, koma gemu iliyonse ili ndi lamulo lake. Fortnite imalola, zambiri sizilola.

Ndalama ikukwanira chimodzi chokha. Ndigule chiti?

Mausi, pamodzi ndi kamphasa kake. Mausi ndiyo imachalira, ndipo kusiyana kwa ya muofesi ndi yamagemu yotchipa koma yeniyeni, monga Logitech G102, n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa makiyibodi awiri alionse. Mabokosi a zinthu zinayi pamodzi, kiyibodi, mausi, mahedifoni ndi kamphasa, pa mtengo wa mausi imodzi yabwino, nthawi zambiri amakhala ndi sensa yofooka. Ndipo ngati kompyuta yanu ikulephera kufika zithunzi 60 pa sekondi, ndalamayo ikagwire kaye kumeneko.

Pulogalamu ya kampani ndiyofunika kuiika?

Kamodzi kokha, ngati chida chili ndi posungira makonzedwe m'kati mwake. G HUB ya Logitech, Synapse ya Razer ndi iCUE ya Corsair ndi zolemera, zimadya bandulo pozitsitsa ndiponso zimakonda kudzuka limodzi ndi Windows. Ikani, tcherani DPI ndi mabatani, sungani m'chida momwemo, kenako muiletse kuyamba yokha. Makonzedwewo adzakutsatirani ngakhale mukalumikiza pa kompyuta ya mnzanu. Chotsaninso masitepe a DPI amene simuwafuna, kuti mukagunda mwangozi kabatani kosinthira liwiro zinthu zisasokonekere m'kati mwa nkhondo.

Nanga yogwiritsidwapo kale, kapena yotchipa modabwitsa?

Kiyibodi ya mechanical yogwiritsidwapo kale ikhoza kukhala yamphamvube, poti maswichi a Cherry MX anapangidwa kuti apirire kudinidwa ka 50 miliyoni kapena kuposa. Ngati ndi ya hot-swap, swichi yakufa mumangoizula n'kuikapo ina popanda kuwotcherera. Mabatani onyezimira ngati apakidwa mafuta ndi pulasitiki ya ABS yoperepeseka. PBT imachedwa kutero, ndipo zivindikirozo zimagulidwa padera.

Mausi ndiyo yofunika diso. Matenda ake odziwika ndi kudina kawiri mwadina kamodzi, choncho muiyese pomwepo wogulitsa akuona. Itembenuzeni muone timiyendo take toterera ngati sitinathe. Zachinyengo zilipo zambiri, makamaka zotengera mitundu yotchuka. Njira yabwino yozigwirira ndi pulogalamu ya kampani ija: ngati yalembedwa Logitech koma G HUB sikuiona, kayikirani.

Fumbi ndi tiyi wotayikira, ndichite bwanji?

M'miyezi ya fumbi, iphimbeni ndi kansalu mukamaliza. Nthawi ndi nthawi ichotseni pa kompyuta, muijambule kaye pafoni kuti musaiwale malo a mabatani, zulani zivindikiro, muitembenuze n'kuigwedeza, kenako musese ndi kabulashi kofewa. Zivindikiro mukhoza kuzitsuka m'madzi ofunda a sopo, koma ziume kotheratu musanazibwezere. Space ndi Shift muzizule mosamala, chifukwa zili ndi tizitsulo tochirikiza pansi pake. Kamuvi kakayamba kudumphadumpha, yang'anani kaye pa diso la sensa. Nthawi zambiri ndi katsitsi kamodzi kokha.

Tiyi akatayikira, zulani waya nthawi yomweyo, muitembenuze mabatani ayang'ane pansi, ndipo musaiyese kuti muone ngati ikugwirabe. Ipatseni masiku awiri kapena atatu pamalo opita mphepo, osati padzuwa lamphamvu. Madzi okha nthawi zambiri amauma osasiya vuto. Shuga ndiye amamata maswichi. Pamenepo pafunika isopropyl alcohol, madontho ochepa pa swichi iliyonse imene ikukakamira, n'kuidina kambirimbiri isanalumikizidwe mpaka itamasuka.